Kaikidwe Kabwino ka Galasi Lotchinga Mphepo pa Njinga Yamoto

Njinga yamoto yasanduka chuma cha pabanja m'makomo ambiri. Ndi imene ikubweretsa ndalama ya kabaza, ndi imene imathamangitsa wodwala kuchipatala usiku, ndipo alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo amaidalira pofika kumidzi kumene galimoto silowa. Aliyense amene amakhala pachishalo maola ambiri patsiku amadziwa kuti chomaliza mphamvu kwambiri ndi mphepo. Imakankha chifuwa, imaziziritsa thupi, imatulutsa misozi, imalira m'makutu mpaka munthu kufika kunyumba mutu ukuwawa. N'chifukwa chake ambiri amagula galasi lotchinga mphepo n'kulimangirira kutsogolo kwa mahandulo. Dandaulo limabwera pambuyo pake: ndalama yapita, galasi lili pomwepo, koma mutu ukugwedezeka kuposa kale. Zikatero ambiri amati galasi lachepa, n'kuyamba kufunafuna lalikulu. Kabuku kano kakutsutsa ganizo limenelo. Chimene chimapangitsa galasi kugwira ntchito ndi msinkhu umene mwaliika, kupendekeka kwake, ndi mpata umene mwasiya kunsi kwake. Ndipo galasi loikidwa bwino ndi limene woyendetsa amaona msewu pamwamba pake, maso ake osadutsa m'galasimo.

Mphepo imene mukulimbana nayo

Mphamvu ya mphepo sikwera mofanana ndi liwiro la njinga. Liwiro likawonjezeka kawiri, mphepo imakankha kanayi. Amene akuyenda makilomita 80 pa ola akukankhidwa kanayi kuposa amene akuyenda 40, ndipo kuchoka pa 60 kufika pa 100 kukankhako kumawonjezeka pafupifupi katatu. Apa pakuoneka kale amene akufunikiradi galasi. Wa kabaza wozungulira m'misika ya m'tauni, amene kawirikawiri sapitirira makilomita 40 pa ola, sapindula nalo kwenikweni. Amene amapindula ndi woyenda mitunda italiitali pamsewu wa tala, m'mamawa kapena usiku.

Kuzizira nako kuli ndi masamu ake. Malinga ndi njira yowerengera imene mayiko a Canada ndi America anayamba kugwiritsa ntchito mu 2001, kunja kukakhala madigiri 10 ndipo mphepo ikuwomba makilomita 60 pa ola, khungu limamva ngati kuli madigiri 5. Madigiri 10 si achilendo m'mamawa wa mu June ndi July ku Dedza kapena pa Chikangawa. Munthu wozizidwa zala zimauma, amachedwa kugwira buleki, ndipo maganizo ake amakhala pa kuzizirako m'malo mokhala pamsewu. Palinso phokoso. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati munthu asakhale m'phokoso la madesibelo 85 kupitirira maola 8 patsiku, koma phokoso la mphepo m'chisoti limapitirira madesibelo 90 njinga ikafika makilomita 100 pa ola. Makutu owonongeka ndi phokoso sachira. Chomvetsa chisoni n'chakuti galasi loikidwa molakwika limawonjezera phokosolo.

Kuti mumvetse chifukwa chake, taganizirani mwala waukulu pakati pa mtsinje. Madzi akagunda mwalawo amagawikana, n'kukakumananso kuseri kwake, ndipo kuseriko sakhala bata: amazungulirazungulira, ena n'kumabwerera kumwala. Mpweya umachita chimodzimodzi ukagunda galasi. Kuseri kwenikweni kwa galasi kumakhala malo abata. Pamwamba patali pamadutsa mphepo yosalala, yamphamvu koma yosagwedeza. Pakati pa ziwirizi pali mzere wa mphepo yovunduka, imene imayambira pamlomo wa galasi n'kumakula pamene ikupita kumbuyo. Mutu ukakhala mumzere umenewu, chisoti chimanjenjemera, maso amaona zinthu ziwiriziwiri, ndipo m'makutu mumamveka kugunda kosalekeza. Ntchito yonse yokonza galasi ndi yochotsa mzere umenewu pamutu panu. Mungaukweze kuti udutse pamwamba pa chisoti, kapena mungautsitse kuti ugunde pachifuwa ndi m'mapewa, mutu n'kutsala mumphepo yosalala. Njira zonse ziwiri n'zabwino. Choipa ndi kuusiya pakati, ndipo magalasi ambiri omangidwa mongoyerekeza amausiya pomwepo.

Msinkhu wa galasi

Poyeza pamafunika anthu awiri. Njinga ichoke pasitandi, matayala onse akhale pansi pamalo osalala ndipo akhale ndi mpweya wokwanira. Woyendetsa avale chisoti chake, akhale pachishalo, agwire mahandulo. Apa pali msampha waung'ono: munthu akadziwa kuti akumuyeza amawongola msana, pamene paulendo weniweni, pakatha theka la ola, amakhala atafooka n'kutsikako masentimita angapo. Khalani mmene mumakhalira mukatopa. Mnzanuyo atenge kandodo kowongoka, akagoneke chopingasa kuchokera kunsonga ya mphuno yanu kukafika pagalasi, osakapendeketsa, aike chizindikiro ndi tepi. Mlomo wa galasi ukhale pa chizindikirocho kapena pansi pake pang'ono, pakati pa mphuno ndi mlomo wanu wam'mwamba. Kenako ikani botolo pansi mamita 15 kutsogolo kwa njinga, amene ndi masitepe pafupifupi 20 a munthu wamkulu. Muzitha kuliona pamwamba pa galasi popanda kusomphola khosi. Musadere nkhawa kuti mphepo ikumenyani m'maso, chifukwa galasi lopendekeka bwino limaponya mpweya m'mwamba, ndipo umadutsa masentimita angapo pamwamba pa mlomo wake.

Wina anganene kuti: bwanji osangoika galasi lalitali kuposa mutu, n'kumaona kudzera momwemo ngati m'galimoto? Funsoli n'lomveka, ndipo n'zoona kuti kuseri kwa galasi lotere kumafunda. Koma galasi la galimoto lili ndi mawaipa, lili ndi madzi otsukira, ndipo ndi galasi lenileni losakandika msanga. La njinga ndi pulasitiki ndipo lilibe chopukutira. Pamsewu wafumbi limachita mbuu musanayende mtunda wautali. Mvula ikagwa madontho amakakamira, ndipo matope othovoka kumatayala a galimoto yakutsogolo amaliphimba nthawi imodzi. M'chifunga cha pa Chikangawa kapena m'chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje limachita nthunzi mbali zonse ziwiri. Mvula zoyamba zikagwa ngumbi zimathamangira kuwala kwa nyali n'kuphwanyikira pagalasi, ndipo m'mbali mwa nyanja nkhungu zimachita zomwezo. Usiku, timizere tonse tokandika timamwaza kuwala kwa galimoto zobwera kutsogolo mpaka msewu kusowa. Tsono kumbukirani kuti pa liwiro la makilomita 60 pa ola njinga imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndipo pa 80 imayenda mamita 22. Masekondi awiri osaona bwino ndi okwanira kulowa m'dzenje, kugunda mbuzi, kapena kuwomba wa njinga yakapalasa wopanda chowala kumbuyo. Kufunda kumene galasi lalitali likupatsani jekete ingakupatseninso, koma maso alibe chowalowera m'malo.

Choipitsitsa pa zonse ndi galasi limene mlomo wake uli pamzere weniweni wa maso. Limadula msewu pakati, theka mukuliona m'galasi, theka pamwamba, ndipo pachitunda kapena pamtsetse mzerewo umasunthasuntha. Woyendetsa amangokhalira kuwerama ndi kusomphoka, khosi n'kuyamba kupweteka. Galasi lotere litsitseni lero lomwe.

Kupendekeka ndi mpata wa kunsi

Poyambira pabwino ndi kupendeketsa galasi mofanana ndi mashoko akutsogolo. Imani pambali pa njinga chapatali pang'ono, muone ngati galasi ndi mashoko zikutsata mzere umodzi. Galasi loimirira njo limagunda mpweya mwamphamvu, limauvundula kwambiri kuseri, ndipo kukankha konseko kumatsikira m'mahandulo. Logona kwambiri silikweza mpweya, limangoulondolera kumaso kwanu. Pakati pa ziwirizi pali malo oyenera thupi lanu, ndipo amapezeka posuntha pang'onopang'ono, mlomo wa galasi uziyenda sentimita imodzi kapena awiri nthawi iliyonse. Dziwani kuti mukagoneka galasi msinkhu wake umatsika, mukaliimiritsa umakwera, choncho mukasintha kupendekeka yezaninso pamphuno. Kutalikirana nakonso n'kofunika. Galasi likakhala patali ndi woyendetsa, mpweya umapeza danga logweranso pansi usanadutse mutu. Ngati zitsulo zomangira zikulola, libweretseni chakufupi ndi inu, bola lisagunde chisoti mukawerama pabampu.

Mfundo imene ambiri amaikana poyamba ndi ya mpata. Pakati pa nyali yakutsogolo ndi mlomo wakunsi wa galasi pazikhala danga la masentimita 2 kapena 3. Eni njinga ena amatseka dangali ndi labala kapena katoni, poganiza kuti mpata uliwonse ndi khomo la kuzizira. Zotsatira zake zimakhala zosiyana ndi zimene amafuna. Galasi likamang'amba mpweya, kuseri kwake kumatsala malo a mpweya wochepa, ndipo malo amenewa amakoka mpweya wa pamwamba ndi wa m'mbali kuti ugweremo mwamphamvu. Kukokako ndi kumene kumagwetsera mphepo yovunduka pachisoti, nthawi zina mpaka kumakankha msana kuchokera kumbuyo. Mpweya wochepa wolowera kunsi umakwera chotsatira galasi mkati, umadzaza malo aja, ndipo umathandiza kunyamula mphepo ya pamwamba kuti idutse mutu. Opanga njinga zikuluzikulu zoyendera maulendo ataliatali amadziwa zimenezi. Magalasi ambiri a Honda Gold Wing ali ndi kazenera kolowetsa mpweya, ndipo njinga zambiri zamakono zili ndi mpata kunsi kwa galasi umene anausiya dala. Kampani ya BMW, potulutsa njinga ya R100RS mu 1976, inayamba yayesa zotchinga zake m'chipinda chowomberamo mphepo yamphamvu, ndipo galasi limene inaikapo linali lalifupi, loti woyendetsa aziona pamwamba pake. N'zoona kuti kamphepo ka kunsiko mudzakamva pachifuwa. Koma n'kofatsa, ndipo n'kopepuka kupirira kusiyana ndi chisoti chonjenjemera ulendo wonse.

Kulemera kwa njinga yanu

Pali chifukwa china chokanira galasi lalikulu, ndipo chikukhudza kwambiri njinga zimene zadzaza m'misewu yathu. Zambiri ndi za injini ya 100cc mpaka 150cc, monga Bajaj Boxer, TVS ndi zina zochokera ku China, ndipo kulemera kwake sikupitirira kwenikweni makilogalamu 130. Panjinga zazikulu zambiri galasi limamangidwa kuthupi la njinga, moti mphepo ikaligunda imakankha njinga yonse. Panjinga zazing'onozi limamangidwa kumahandulo, kutanthauza kuti mphepo iliyonse yogunda galasi ikugwira nawo chiwongolero. Mwera ukamawomba chopingasa pamsewu wa M5 m'mbali mwa nyanja, kapena thiraki ikakudutsani mwaliwiro pa M1, galasi lalikulu limapotoza mahandulo inu musanaganize n'komwe. Vutoli limakula kumbuyo kukakhala thumba la chimanga kapena wokwera wolemera, chifukwa tayala lakutsogolo limapepuka ndipo siligwira msewu mokwanira. Choncho m'lifupi mwa galasi musapitirire mapewa anu, ndipo panjinga yopepuka kuchepako n'kwabwino. Ngati mutaika galasi mahandulo ayamba kugwedezeka okha pa liwiro linalake, musazolowere. Onani mpweya wa m'matayala ndi mabelingi a pakhosi pa njinga, ndipo ngati zonsezo zili bwino, galasilo litsitsidwe kapena lichotsedwe. Injini yaing'ono imavutikanso kukankha galasi lalikulu loimirira, ndipo kuvutikako mumakulipira pogula petulo.

N'chifukwa chake kwa njinga zazing'ono njira yachiwiri ija, yotsitsa mphepo yovunduka kuti igunde pachifuwa, nthawi zambiri ndiyo yanzeru. Kagalasi kakafupi kamachotsa kukankha kwa pamimba ndi pachifuwa, kumene kumatopetsa mikono, ndipo mutu umatsala mumphepo yosalala imene chisoti chabwino chinapangidwira. Njirayi imakomeranso wokwera kumbuyo. Galasi lalitali limaponya mphepo pamwamba pa woyendetsa, koma mphepoyo imakagwera kumbuyo kwake, pamene pali nkhope ya kasitomala. Wa kabaza amene amanyamula anthu tsiku lonse aziyesa galasi lake ali ndi munthu kumbuyo, ndipo amufunse mmene akumvera.

Kumanga ndi kuyesa

Mahandulo a njinga zambiri zazing'ono ndi a mamilimita 22 kunenepa kwake, choncho pogula zomangira onetsetsani kuti ndi za muyeso umenewo. Mangani mabawuti onse mosalimbitsa poyamba, konzani msinkhu ndi kupendekeka, onani kuti galasi lili pakati, kenako limbitsani mosinthanasinthana kumanzere ndi kumanja. Paliponse pamene bawuti ikudutsa m'galasi pakhale kalabala mbali zonse ziwiri. Chitsulo chikakhudza pulasitiki mwachindunji, kunjenjemera kwa pamsewu wa mabampu kumayambitsa ming'alu yochokera pabowo. Kulimbitsa mopitirira muyeso kumachitanso chimodzimodzi. Kalabala kakangoyamba kufinyika, lekani. Mukatha, pindani mahandulo mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri injini ikulira. Galasi lisagunde thanki kapena magalasi oonera kumbuyo, lisakoke chingwe cha kilatchi, cha buleki kapena cha mafuta, ndipo kulira kwa injini kusasinthe pamene mukupinda. Lisaphimbe nyali kapena maindiketa. Gwirani buleki yakutsogolo n'kukankhira njinga pansi kangapo kuti muone ngati galasi silikugunda madigadi mashoko akafinyika.

Kuyesa kwenikweni kumachitika pamsewu wowongoka, wopanda anthu ambiri, tsiku lopanda mphepo yamphamvu. Yendani pa liwiro limene mumayenda masiku onse, manja onse ali pamahandulo. Weramani pang'ono, masentimita atatu kapena anayi, mumvetsere. Kenako wongokani kuposa mmene mumakhalira, mumvetserenso. Ngati phokoso likutha mukawerama, mutu wanu uli chakumunsi kwa mzere wovunduka uja, ndipo kukweza galasi pang'ono kapena kuliimiritsako kungathandize, malinga lisapitirire mphuno. Ngati likutha mukawongoka, mutu uli chakumtunda kwa mzerewo, ndipo mankhwala ake ndi kutsitsa galasi. Sinthani chinthu chimodzi chokha, muyesenso pamsewu womwewo ndi liwiro lomwelo. Amene amasintha msinkhu, kupendekeka ndi mpata nthawi imodzi sadziwa chimene chathandiza ndi chimene chawononga. Nthawi zina kugwedezako sikuchokera pamwamba n'komwe, koma ndi mphepo yokwera m'mbali mwa mashoko ndi thanki n'kulowa kunsi kwa chisoti. Chizindikiro chake n'chakuti kusuntha galasi sikusintha kanthu. Pamenepo nsalu yokulunga m'khosi, yopisidwa bwino m'jekete kuti isalendewere, imathandiza kuposa galasi latsopano. Mabawuti aonedwenso pakatha ulendo woyamba, ndipo pambuyo pake sabata iliyonse ngati mumayenda m'misewu yafumbi.

Galasi lalitali limene zomangira zake sizilola kutsitsa lingadulidwe. Matani tepi mbali zonse ziwiri pamene mudule, jambulani mzere wotsata kupindika kwa mlomo wakale, dulani pang'onopang'ono ndi sowo ya mano ang'onoang'ono wina atagwira galasi kuti lisanjenjemere, kenako salazani ndi sandipepa mpaka chala chiziyenda popanda kukanda. Dulani masentimita awiri okha, muyese, chifukwa chimene mwadula simungachibwezere.

Za mtengo ndi chisamaliro

Ena adzati galasi la m'sitolo n'lodula, ndipo wowotcherera wa pamsika angapange lotchipa. Zitsulo zomangira angapangedi, malinga zisakhale ndi nsonga zoloza kwa woyendetsa. Nkhawa ili pa chimene chikuikidwa pazitsulozo. Galasi la pawindo la nyumba lisayerekezedwe n'komwe, chifukwa kamwala kamodzi kothovoka kutayala la thiraki kalisandutsa mipeni yolunjika kukhosi. Lata nalonso ayi. Mapulasitiki oyenera alipo a mitundu iwiri. Wa acrylic, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Perspex, ndi wotchipirapo, amaoneka bwino ndipo timikwingwirima take timatha kupukutika, koma akamenyedwa mwamphamvu amasweka n'kusiya zidutswa zakuthwa. Wa polycarbonate ndi wolimba kwambiri, amapindika m'malo mosweka, ngakhale amakandika msanga ngati sanakutidwe ndi mankhwala oteteza. Pamisewu ya miyala yambiri, polycarbonate ndiye woyenera ndalama yanu. Poboola, bowo likhale lokulirapo kuposa bawuti kuti kalabala kalowe ndiponso pulasitiki apeze pofutukukira kukatentha, ndipo lisayandikire kwambiri m'mphepete.

Potsuka, thirani madzi ambiri kaye kuti fumbi litsike lokha, kenako sopo pang'ono ndi nsalu yofewa yoyera. Kupukuta galasi louma ndi kansanza ka m'thumba ndiko kumalikanda, pakuti fumbi ndi timiyala. Tizilombo touma tiphimbeni ndi nsalu yonyowa kwa mphindi zingapo, tichoka tokha. Petulo, thina ndi mankhwala otsukira mawindo a nyumba zimawononga pulasitiki, zimamuchititsa mbuu ndi timing'alu tosatha. Galasi limene layamba mng'alu pabowo la bawuti lisinthidwe lisanathothoke paulendo.

Kaikidwe ka galasi kamayenderanso nyengo. Kamene kakuthandizani mu July kangakuvutitseni mu October, makamaka ku Chikwawa ndi Nsanje kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo woyendetsa amafuna mphepo pathupi kuti asalefuke. Palibe cholakwika kulitsitsa kapena kulichotsa nyengo yotentha n'kudzalibwezera mu May. Mukapeza malo abwino, ikani chizindikiro cha penti pazitsulo kuti musadzayambirenso kuyeza. Ngati njinga imayendetsedwa ndi anthu awiri osiyana msinkhu, monga mwini wake ndi mnyamata wa kabaza, galasi liyezedwe pa wamfupiyo, chifukwa wamtali angapirire kamphepo koma wamfupi sangaone msewu.

Chomaliza n'chakuti galasi lisakunamizeni kuti mwatetezeka. Limachepetsa kutopa ndi kuzizira, koma pangozi silitchinjiriza mutu. Lipoti la bungwe la World Health Organization la 2018 linati chisoti chovalidwa moyenera chimachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 peresenti, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi chokha, yambani mwagula zisoti ziwiri zabwino zokhala ndi chotchinga kumaso, chanu ndi cha wokwera kumbuyo. Galasi libwere pambuyo, ndipo likabwera, itanani mnzanu ndi kandodo kake muliyeze musanatuluke nalo pamsewu.